Zolemba za ntchito yoika malamulo ogwira ma function opangidwa molakwika

Sabata yoyamba, Lolemba

Lero tayamba ntchito imene tinagwirizana titabwerako ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, yoti tiike malamulo oyang'ana code ya pulogalamu yathu isanayendetsedwe. Pulogalamuyi ndi imene makalaliki a kopaletivi ya alimi amagwiritsa ntchito polemba nshawa, soya ndi mpendadzuwa zimene agula, pochotsera ngongole ya feteleza ndi mbewu, ndiponso potumiza uthenga wa pa foni wouza mlimi ndalama zimene alandire. Mbali ya pa seva inalembedwa mu Python, pamene mbali imene kalaliki amaona pa tabuleti inalembedwa mu JavaScript. Olemba tilipo anayi, kuphatikizapo mnyamata amene akuphunzira ntchito, ndipo timagwirira m'chipinda chimodzi kuno ku Chipata, kufupi ndi msika wa Kapata.

Chimene chinatikakamiza ndi function imodzi, ndiko kuti kagawo ka code kokhala ndi dzina lake kamene kamaitanidwa kuti kagwire ntchito inayake, yotchedwa `lipira_mlimi`. Pakati pa nyengo yogula, netiweki itadukaduka pa depoti ina ya cha ku Chadiza, kalaliki anadina batani lolipira kawiri chifukwa tabuleti sinasonyeze kuti ntchito yatheka, ndipo mayi wina anachotseredwa ngongole ya feteleza kawiri. Ndalama zake zinabwezedwa, koma titatsegula function ija kuti tione gwero la vutolo tinapeza kuti inali kuwerengera mtengo, kuchotsera ngongole, kulemba mu database, kusindikiza lisiti ndi kutumiza uthenga, zonsezo pamalo amodzi, m'mizere yopitirira 300. Palibe mwa ife amene analimba mtima kuikhudza alimi ali pamzere ndi matumba awo. Ndivomereze pano kuti yambiri mwa mizere imeneyo ndinailemba ndine, chaka ndi chaka ndikungoonjezera `if` wina chikabuka chatsopano.

Njira imene tasankha imatchedwa static analysis, ndiko kuwerenga code monga mmene yalembedwera, osaiyendetsa, n'kufunafuna maonekedwe amene kawirikawiri amabala zolakwika. Njirayi ndi yakale ndithu. Chida chake choyamba kutchuka, chotchedwa lint, anachilemba Stephen C. Johnson ku Bell Labs mu 1978 kuti chiziyang'ana mapulogalamu a chinenero cha C, ndipo dzinalo analitenga ku tinyenyeswa ta ulusi timene timakanirira pa zovala. Za mipata, zopumira ndi kutalika kwa mzere sitizifuna m'ntchito ino, chifukwa tinazisiyira kale chida chokonza maonekedwe. Tikufuna malamulo amene akanatiimitsa `lipira_mlimi` isanafike pamene inafikapo.

Sabata yoyamba, Lachinayi

Ndinayendetsa Pylint, chida choyang'ana code mwa njira imeneyi, pa code yonse ya Python osasintha malire amene imabwera nawo. Malinga ndi malirewo, function imadzudzulidwa ikalandira ma parameter (zinthu zimene imapatsidwa poitanidwa) opitirira 5, ikakhala ndi nthambi zopitirira 12, ma statement (malangizo a code) opitirira 50, ma variable (maina osungiramo zinthu) a m'kati opitirira 15, kapena malo obwezera yankho opitirira 6. Walira mvula walira matope: machenjezo anadzaza sikirini kangapo konse, ndipo mnzathu amene amayang'anira za malipiro anangoyang'ana n'kubwerera pa mpando wake osanena kanthu. Ambiri mwa machenjezowo anali okhudza maina a ma variable ndi kusowa kwa mafotokozedwe, choncho tawazimitsa kaye, poti chenjezo limene palibe akuliwerenga limangokwirira linzake lofunika.

Otsalawo anaonetsa chinthu chimene chandilimbikitsa. Machenjezo a kapangidwe sanamwazike pa code yonse, koma anaunjikana pa ma function ochepa, ndipo iliyonse mwa imeneyo inadzudzulidwa ndi malamulo anayi kapena asanu nthawi imodzi. Onse ndi ma function amene ife eni timawaopa kale.

Tasankha kuti chida cha tsiku ndi tsiku chikhale Ruff, chimene chinatuluka mu 2022 ndipo chinalembedwa m'chinenero cha Rust. Chili ndi malamulo ambiri otengedwa ku Pylint ndi ku chida china chotere cha Flake8, koma chimamaliza dzanja lisanachoke pa kiyibodi, ndipo zimenezi n'zofunika pamene magetsi akuthima maola ambiri ndipo batire ya laputopu ya mnzathu wina sikhalitsa. Malamulo a kapangidwe sabwera oyatsidwa, motero ndawatchula ndekha mu fayilo ya makonzedwe ya `pyproject.toml`. Pylint taisunga kuti tiziiyendetsa Lachisanu lililonse chifukwa cha lamulo lake la `duplicate-code`, limene limayerekeza mafayilo osiyanasiyana n'kuonetsa pamene mizere inayi kapena kupitirira yabwerezedwa.

Sabata yachiwiri, Lachiwiri

Tsiku lonse lathera pa mkangano wa nambala imodzi. Mu 1976 Thomas McCabe anafotokoza muyeso wotchedwa cyclomatic complexity, umene umawerenga njira zodziimira pazokha zimene pulogalamu ingadutse m'kati mwa function. Kawerengedwe kake n'kosavuta: uyamba ndi 1, ndipo pa mphambano iliyonse, kaya ndi `if`, `elif`, `for`, `while` kapena `except`, uonjezera 1. McCabe analangiza kuti nambalayo isapitirire 10, ndipo mu chikalata cha bungwe la NIST la ku America cha mu 1996 iye ndi Arthur Watson anavomereza kuti magulu ozolowera ntchito, okhala ndi dongosolo lolimba la mayeso, angafike pa 15. Ubwino wa nambalayi ndi woti imakuuza, mongoyerekeza, kuchuluka kwa mayeso amene uyenera kulemba kuti njira zonse zidutsidwe. Ya `lipira_mlimi` inapitirira 40, chikhalirecho mayeso ake analipo atatu.

Mkangano unabuka pa ma function awiri ang'onoang'ono. Yoyamba imalandira dzina la mbewu n'kubweza nambala yake ya m'kaundula, ndipo ili ndi `elif` khumi ndi awiri ondandalikana ngati mizere ya m'munda. Lamulo la C901, limene mu Ruff limayeza nambala ya McCabe, linaidzudzula, koma ngakhale kalaliki wosadziwa Python angaiwerenge n'kuimvetsa. Yachiwiri imaona ngati mlimi ali woyenera kulandira bonasi, ndipo lamulolo linaidutsa osanena kanthu, komabe ili ndi `if` m'kati mwa `if` m'kati mwa `for` m'kati mwa `if` wina, kotero kuti ukafika pakati pake waiwala kale khomo limene unalowera.

Apa m'pamene muyeso wa McCabe ukulephera pa cholinga chathu. Ma `if` anayi otsatizana amapereka 5, ndipo ma `if` anayi olowerana amaperekanso 5, chonsecho mutu wa munthu suwanyamula mofanana. Kampani ya SonarSource, kudzera mwa G. Ann Campbell, inakonza muyeso wina wotchedwa cognitive complexity, umene umalanga kulowerana. Pa muyeso umenewo ma `if` anayi otsatizana amapereka 4, pamene olowerana amapereka 1 kuphatikiza 2 kuphatikiza 3 kuphatikiza 4, ndiye kuti 10, ndipo malire amene iwo amayambira ndi 15. Sitinatenge chida chawo chonse chifukwa chimafuna seva yakeyake, koma mfundo yake taitenga. C901 taisiya pa 10, ndipo kulowerana kwa ma block, kumene Pylint imalola mpaka 5, takutsitsa kufika pa 3. Malangizo a kalembedwe ka Linux kernel nawonso amati code yolowerana kupitirira katatu yasokonekera kale ndipo iyenera kukonzedwa. Function ya maina a mbewu ija tinaisandutsa dictionary, ndiko kuti mndandanda wolumikiza dzina ndi nambala yake, osati chifukwa chakuti inali yoipa, koma chifukwa mbewu yatsopano ikabwera tizingoonjezera mzere umodzi.

Ndilembenso chinthu chimene chinatisokoneza kwa ola lathunthu. Zida sizigwirizana pa kawerengedwe. Lamulo la `complexity` la ESLint, chida cha JavaScript chimene Nicholas Zakas anayambitsa mu 2013, limawerenga `&&` ndi `||` ngati mphambano, pamene C901 siwerenga `and` ndi `or`. Malire amene ESLint imayambira ndi 20. Choncho mfundo imodzimodzi yolembedwa pa tabuleti ndi pa seva imatuluka ndi manambala awiri osiyana, ndipo kuyerekeza mbali ziwirizo n'kutaya nthawi. Pa ESLint taika 12, komanso tayatsa `max-depth` ndi `max-params`, amene nawonso sabwera oyatsidwa.

Sabata yachiwiri, Lachisanu

Mnyamata wathu anapatsidwa function yolemba lipoti la pa sabata kuti aitsitse nambala, ndipo pofika masana anabwera akumwetulira, machenjezo onse a C901 atazimirira. Nditawerenga ndinapeza kuti waidula pawiri ndi pawirinso, zidutswazo n'kuzitcha `lipoti_gawo1`, `lipoti_gawo2` mpaka `lipoti_gawo4`, ndipo chilichonse chinali kulandira ma variable asanu ndi atatu kuchokera kwa chinzake n'kuwabweza onse atasinthidwa. Nambala inatsikadi, koma tsopano wowerenga ayenera kudumpha malo anayi kuti amvetse chinthu chimene kale ankachiona pamalo amodzi. Kumeneko n'kusesera zinyalala kuseri kwa chitseko.

Sindinamudzudzule, chifukwa anachita zimene ndinamutuma. Ndinamuuza kuti atsitse nambala, m'malo momuuza kuti apeze ntchito zosiyana zimene zabisala mu function imeneyo. Tinakhala pamodzi n'kuiwerenga mokweza, ndipo paliponse pamene tinkati "ndiyeno imachitanso chakuti" tinkaika chizindikiro. Zinatuluka ntchito zitatu zenizeni: kutenga zogulidwa za sabatayo, kuziphatikiza potengera depoti, ndi kuzilemba mu fayilo. Iliyonse inapeza dzina lake mosavuta ndipo inafuna ma parameter awiri okha. Kuyambira lero tagwirizana kuti chidutswa chimene sitingachipezere dzina lonena ntchito yake sichinadulidwe pa mfundo.

Chosangalatsa n'chakuti kudula kwachinyengo kuja kunagwidwa ndi lamulo lina, la PLR0913, loletsa ma parameter opitirira 5. Malamulo a manambala paokha ndi osavuta kuwazemba, koma akakhala pamodzi amatsekerana mipata, pakuti ukathawa utali umagwera mu kuchuluka kwa ma parameter, ndipo ukathawa kumeneko poika zonse mu variable ya `global`, imene function iliyonse ingaikhudze, umagwidwa ndi lamulo loletsa zimenezo. Ndicho chifukwa chake sitidzayatsanso lamulo limodzi la kapangidwe popanda anzake.

Sabata yachitatu, Lachitatu

Sabata ino tayang'ana malamulo amene sawerenga kukula kwa function koma kayankhulidwe kake ndi amene akuiitana. M'malo ambiri tinali ndi mizere yonga `werengera_mtengo(thumba, True, False)`, ndipo palibe amene anakumbukira popanda kutsegula fayilo ina kuti `True` ameneyo ndi wochotsera ngongole kapena wochotsera chinyezi. Malamulo a gulu la FBT amagwira zimenezi. Njira yosavuta ndiyo kuika nyenyezi pa mndandanda wa ma parameter kuti woitana akakamizike kulemba `chotsa_ngongole=True`, ndipo tachita motero m'malo ambiri. Koma pa ma function atatu tinaona kuti parameter yoteroyo inali kugawa thupi lonse la function pawiri, theka la `True` ndi theka la `False`, popanda mzere ndi umodzi womwe wogwiritsidwa ntchito ndi mbali zonse. Amenewo anali ma function awiri ovala malaya amodzi, ndipo tawalekanitsa.

Lamulo la B006 linagwira cholakwika chenicheni chimene chikanatipweteka nyengo ikubwerayi. Munthu wina, amene mbiri ya Git, chida chosunga zosintha zonse za code, yasonyeza kuti ndine ndemwe, analemba `def onjeza_thumba(thumba, mndandanda=[])`. Mu Python mndandanda woikidwa choncho umapangidwa kamodzi kokha, pa nthawi imene function ikukhazikitsidwa, osati nthawi iliyonse imene yaitanidwa. Zotsatira zake n'zakuti ukaitana function kachiwiri osapereka mndandanda wako, umapezamo matumba a mlimi woyamba. Tinapulumuka chabe chifukwa malo onse amene ankaiitana ankapereka mndandanda wawo, kupatula njira imodzi yatsopano imene sinafike ku madepoti.

Ena awiri ndiwatchule mwachidule. Lamulo la Pylint la `inconsistent-return-statements` linapeza function yofufuza mlimi imene imabweza zolembedwa zake akapezeka, koma akasowa imangofika kumapeto mwakachetechete n'kubweza `None`, ndipo woitanayo amagwa mizere makumi awiri patsogolo, kutali ndi gwero. Ndipo malo asanu anali ndi `except` wopanda dzina wotsatidwa ndi `pass`, zimene zimameza cholakwika chilichonse mwakachetechete, amodzi mwa iwo pozungulira kutumiza uthenga wa pa foni, zimene zikufotokoza chifukwa chake alimi ena ankadandaula kuti uthenga sunafike pamene ife sitinkaona cholakwika chilichonse m'zolemba za seva.

Sabata yachinayi, Lolemba mpaka Lachinayi

Malamulo onse obwera ndi zida amaona maonekedwe a code, koma sadziwa kuti pulogalamu yathu ndi ya ndalama za anthu ndi kulemera kwa mbewu. Choncho sabata ino talemba malamulo athu atatu pogwiritsa ntchito `ast`, gawo limene limabwera ndi Python yomwe. Limasandutsa fayilo kukhala mtengo wa nthambi, mmene function iliyonse, kuitana kulikonse ndi parameter iliyonse zili ndi malo ake, ndipo ntchito yathu ndi kungoyendera mtengowo n'kufunsa mafunso. Kachida konseko sikanafike mizere 200.

Lamulo loyamba likuti function imene dzina lake likuyamba ndi `werengera` kapena `peza` isalembe mu database, isatumize uthenga ndipo isasindikize lisiti. Wofunsa funso sayenera kusintha dziko pofunsapo. Ili ndi lamulo limene ndikulikhulupirira kuposa onse, chifukwa likanagwira matenda a `lipira_mlimi` pamene inali ndi mizere makumi atatu yokha, nambala ya McCabe isanayambe n'komwe kudandaula. Poyamba linkangoona kuitana kwachindunji, monga `.commit()` kapena `tumiza_uthenga()`, ndiye mnzathu wa za malipiro analiyesa poika kulemba kuja mu function yothandizira, ndipo lamulolo silinaone kanthu. Tawonjezera kuti lizitsata amene akuitana mnzake m'kati mwa fayilo imodzi. Kupitirira pamenepo, monga function ikaperekedwa ngati parameter kapena ikasankhidwa pulogalamu ikuyenda, lamulolo ndi lakhungu, ndipo tavomereza zimenezo. Si ulesi wathu wokha: Henry Gordon Rice anatsimikizira, m'zimene zinasindikizidwa mu 1953, kuti palibe pulogalamu imene ingaweruze molondola nthawi zonse za khalidwe la mapulogalamu ena onse. Lamulo lililonse loterelo liyenera kusankha mbali yolakwira, kaya kuphonya olakwa ena kapena kunamizira osalakwa ena. Ife tasankha kuphonya, poti lamulo lonamizira anthu limazimitsidwa sabata isanathe.

Lamulo lachiwiri likuti parameter iliyonse imene dzina lake lili ndi `mtengo`, `ndalama` kapena `ngongole` ilembedwe mtundu wake, ndipo mtunduwo usakhale `float`, mtundu wa manambala okhala ndi magawo. Kompyuta imasunga `float` m'manambala a 0 ndi 1, ndipo magawo ena wamba sakwanamo ndendende, n'chifukwa chake 0.1 kuphatikiza 0.2 mu Python imatulutsa 0.30000000000000004, ndipo `round(2.675, 2)` imapereka 2.67 m'malo mwa 2.68. Pa thumba limodzi kusiyanako n'kosaoneka, koma pa kaundula wa nyengo yonse kumatulutsa ngwee zingapo zimene amsungichuma amathera usiku akuzifunafuna. Tagwirizana kusunga ndalama zonse monga nambala yathunthu ya ngwee, 100 pa Kwacha imodzi, ndi kugwiritsa ntchito `Decimal` pochulukitsa ndi mapelesenti.

Lachitatu ndi la miyeso. Dzina lililonse lokhala ndi `kulemera` lithe ndi `_kg` kapena `_matumba`. Pa depoti anthu amayankhula m'matumba a makilogalamu 50, ena m'mameda, ndipo sikelo imapereka makilogalamu, choncho function yolandira `kulemera` chabe imasiyira woitana kuti alote muyeso wake.

Vuto limene sitinaliyembekezere ndi la chinenero chathu chomwe. Malamulo atatu onsewa amadalira maina, ndipo maina a mu code yathu ndi osakanikirana. Pali `werengera_` ndi `calc_`, pali `peza_` ndi `get_`, pali `ngongole` ndi `nkhongole` ndi `loan`. Amene anaphunzira kalembedwe ka kuno ku Zambia amalemba `cimanga` ndi `nchito`, pamene mnzathu amene anaphunzira kutsidya kwa Mwami amalemba `chimanga` ndi `ntchito`, ndipo mbewu imene ife timati nshawa iye amati mtedza. Lamulo linadutsa ma function angapo chifukwa cha chilembo chimodzi. Sitinafune kukangana za kalembedwe kolondola, poti konse ndi kwathu, ndiye talemba kafayilo ka mawu ofanana tanthauzo kamene malamulo amawerenga, ndipo pa code yatsopano tasankha mawu amodzi pa chinthu chilichonse potsatira zimene makalaliki amalemba pa malisiti.

Sabata yachisanu, Lachiwiri

Sitingakonze zakale zonse mvula isanagwe, choncho taika dongosolo loti code yakale isatitsekereze, koma yatsopano isaonjezere ngongole. Ruff ili ndi njira ya `--add-noqa` imene imaika chizindikiro chokhululukira pa mzere uliwonse wolakwa lero, ndipo taigwiritsa ntchito kamodzi kokha. Kuyambira tsopano wokhululukira chenjezo ayenera kutchula nambala ya lamulo ndi kulemba chifukwa chake pambali. Tayatsanso RUF100, imene imadzudzula chikhululukiro chimene sichikufunikanso, kuti function ikakonzedwa chizindikirocho chichoke. Kuyang'anaku kukuchitika zosintha zisanasungidwe mu Git (commit), pa laputopu ya wolembayo, popeza intaneti yathu siyodalirika moti n'kudikira seva yakutali.

Sabata yachisanu, Lachisanu

Ndinapita ku Katete kukapereka lipoti ku komiti ya kopaletivi. Ndinafotokoza mwachidule, ndikuyerekeza malamulowa ndi munthu woyang'ana matumba asanakwere lole, amene satsegula thumba lililonse koma amadziwa long'ambika ndi losasokedwa bwino. Amsungichuma, mayi wachikulire amene anabweza ndalama za mlimi uja ndi dzanja lawo, anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa kuti, "Mwanawe, nanga kalaliki akadinanso kawiri, chida chanucho chidzamugwira dzanja?"

Ndinayankha kuti, "Iyayi amayi, sichidzatero." Ndinawafotokozera kuti malamulowa amaona kuti function ikuchita zambiri, koma sadziwa kuti netiweki ya ku Chadiza imaduka pakati pa kutumiza ndi kuyankha. Chimene atichitira n'kutsegula njira yoti tikonze vutolo popanda kuswa zina. Sanaoneke okhutira kwenikweni, ndipo ali ndi chifukwa, pakuti patha masabata asanu ndipo function imene inayambitsa zonsezi ikadali mmene inalili. Pobwerera mu minibasi pa msewu wa Great East ndinaona kuti takhala tikuizungulira ngati munda wa chitedze, tikukonza ing'onoing'ono chifukwa ndi yosaopsa.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lolemba mpaka Lachisanu

Sabata yonse inapita pa `lipira_mlimi`, ndipo tinagwira awiri pa kompyuta imodzi, ine ndi mnzathu wa za malipiro. Sitinayambe ndi kudula. Tinayamba ndi kutenga malisiti a nyengo yathayi, maina a alimi titawachotsa, n'kuwasandutsa mayeso oti function yakale ndi yatsopano zizitulutsa ndalama zofanana pa lisiti lililonse. Nambala ya McCabe inatithandiza pano m'njira imene mwini wake anaikonzera, chifukwa tinkawerenga mphambano imodziimodzi n'kufunsa ngati pali lisiti lodutsa mbali zonse ziwiri. Mphambano zisanu zinalibe lisiti ndi limodzi lomwe. Zitatu mwa izo zinali za bonasi ya thonje imene kopaletivi inasiya kalekale, ndipo tazichotsa titafunsa komiti. Ziwiri zinazo tinazipangira mayeso ndi manja.

Function ija tsopano yagawika patatu. `werengera_malipiro` imalandira zogulidwa ndi ngongole n'kubweza ndalama, osakhudza database, motero ungaiitane kakhumi osasintha kanthu. `lemba_malipiro` ndiyo yokha yololedwa kulemba, ndipo `dziwitsa_mlimi` imatumiza uthenga pambuyo pake, nilemba m'zolemba za seva ikalephera. Titangolekanitsa kulemba ndi kuwerengera, mankhwala a kudina kawiri anaoneka okha: tabuleti imapanga nambala ya lisiti isanatumize kanthu, ndipo database imakana kulandira nambala imodzi kawiri, kotero kuti kudina kwachiwiri kumangobweza lisiti loyamba lija. Kusintha kumeneko ndi mizere yosakwana khumi, koma m'function yakale munalibe malo amodzi oikapo, poti kulemba kunamwazikana malo anayi.

Pa malisiti awiri function yatsopano inasiyana ndi yakale ndi ngwee imodzi. Titawerengera ndi pensulo tinapeza kuti yatsopanoyo ndiyo yolondola, ndipo yakaleyo inkalakwitsidwa ndi `float`. `werengera_malipiro` yatsala pa 13, pamwamba pa malire athu. Taisiya choncho ndi chikhululukiro cholembedwa chifukwa chake, popeza mphambano zakezo ndi malamulo enieni a kopaletivi ochotsera chinyezi, zinyalala ndi ngongole, ndipo pamene tinayesa kuidulanso inayamba kufanana ndi magawo anayi a mnyamata wathu aja.

Zotsala ndi izi. Ma function akale okhululukidwa akadali ambiri ndithu, makamaka m'gawo logawa feteleza ndi mbewu, limene liyamba kugwira ntchito mvula ikamayandikira, choncho ndilo tiliyambe tikangobwerako ku tchuthi cha pa 24 Okutobala. Pylint yasonyeza kuti kuchotsera chinyezi kwalembedwa m'mafayilo atatu, ndipo imodzi mwa iwo imazungulitsa nambala mosiyana ndi anzake. Ndalembera amsungichuma kuti atiuze njira imene komiti inavomereza tisanaphatikize. Malamulo athu atatu aja akugwira pa Python pokha, pamene tabuleti nayonso imawerengera ndalama zoonetsa kalaliki asanatumize. ESLint ili ndi lamulo la `no-restricted-syntax` limene limalola kuletsa maonekedwe ena a code popanda kulemba chida chatsopano, ndipo mnyamata wathu wapempha kuti ayese yekha Lolemba, kuyambira ndi kuletsa `parseFloat` pa malo onse olandira mtengo.